Dragon Age II ndaimaliza, koma mnyamata wa pa shopu anandiphera Warden wanga

Ndiyambira pa shopu, chifukwa ndikayambira pa gemu mtima uzizira ndipo ndiiwala kudandaula.

Amene mumagula magemu pa Kasungu boma shopu yake mukuidziwa, sindiitchula. Disiki ya Dragon Age II ya PS3, yoti wina anaseweretsa kale, anandiuza K18,000, mtengo uja umangokwera wokha msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma. Sindinanenerere. Makina anga ndinachita kuwanyamula m'chikwama, kuwafungatira pamiyendo mu Sienta yodzaza thothotho, kuti disikiyo tikaiyesere pomwepo, poti ndinapsapo kale ndi yokandika.

Eni shopu kunalibe, anasiya kamnyamata. Kanalumikiza makinawo pa TV yawo, kusuzumira pang'ono, kenako: "Bigi, makina anuwa adzaza. Ndikuchotsereni zinyalala." Ine kuvomera. Ndinatuluka kukadya tchipisi pa chiwaya cha tsidya la msewu, mphindi khumi sizinakwane. Pobwera ndinapeza gemu ikuyenda bwinobwino. Ndinalipira, n'kumuwonjezera mnyamatayo K500 ya drinki. K500 imeneyo ndi imene imandipweteka kuposa zonse.

Pa PS3 pali tizipinda tiwiri tofanana mayina. Game Data Utility ndi kumene kumakhala katundu wolemera amene gemu imakopera kuchokera pa disiki, ngati ma 8GB a GTA V aja. Ukafufuta, disiki imabwezeretsa. Saved Data Utility ndi kumene kumakhala sevu, kutanthauza zonse zimene iwe wasewera. Mnyamatayo analowa kwachiwiriko n'kusesa ngati akusesa pabwalo mmawa. Malo amene anapeza potero ndi ochepetsetsa, GTA V yake n'kukhala ili pompo osaikhudza.

Ndinazindikira nditafika kunyumba. Dragon Age II ukamayamba imakufunsa mbiri ya dziko la Ferelden, kuti itenge zimene unasankha mu gawo loyamba, Dragon Age: Origins. Ndinadina kuti itenge sevu yanga. Palibe. Ndinatuluka, kulowanso. Palibe. Maola 83, anzanga. Miyezi isanu yosewera usiku magetsi akakhalapo, volyumu ili pansi kuti ana asadzuke. Warden wanga, amene umasewera mu Origins, anali elf wamkazi wa ku alienage, komboni ya ma elf mumzinda wa Denerim, uja ukwati wake unasokonezedwa ndi Vaughan, mwana wa bwana wa mzindawo, ndipo ndinamupatsa dzina la malemu agogo anga. Ndinadutsa naye Fade, dziko la maloto lotopetsa lija, kusanduka khoswe kulowa m'timauna. Ndinadutsa naye Deep Roads, misewu ya pansi pa nthaka, mpaka maso kuwawa ndi mdima. Sevuyo ndinkaisunga dala, kudikira tsiku lomwe ndidzapeze gawo lachiwiri.

M'mawa mwake ndinakweranso Sienta, ndalama inanso. Eni shopu ndinawapeza. Ndinafotokoza mwaulemu, sindinakweze mawu. Iwo osachotsa maso pa foni: "Akulu, si gemu chabe? Disiki ya Origins muli nayo, mungoyambiranso." Mnyamata uja ali kuseri kwa kauntala akuseka chamumtima, mapewa okha kugwedera. Nditaumirira anatulutsa chingwe cha HDMI chakalekale kuti nditenge ngati chipepeso. Ndinachisiya pa kauntala pompo. Mawu oti pepani sanatuluke pakamwa pa aliyense. Ndipo pepala la kodi ya Black Emporium limene linali m'bokosi, limene limabweretsa galu wa mabari, linali logwiritsidwa kale ntchito. Zimenezo ndikanamvetsa, disiki ndi yakale, koma anandionetsa pepalalo pogulitsa ngati ndi banyira.

Choncho gemuyi ndinaiyamba ndi nkhope yakugwa. Ukapanda sevu amakupatsa mbiri zitatu zokonzeratu. Ndinatenga ya Hero of Ferelden, ya mwana wa mfumu amene anaika mnzake Alistair pampando wachifumu. Agogo anga m'malo mwawo munalowa mnyamata wa kubanja lolemera amene sindinamuonepo.

Sabata yoyamba chilichonse chinkandinyansa, ndipo zambiri zikundinyansabe.

Origins inatuluka mu Novembala 2009, iyi mu Malichi 2011. Chaka chimodzi ndi miyezi inayi basi, ndipo changu cha BioWare, kampani yopanga gemuzi, chikuonekera poyera ngati nyumba yofoleredwa mvula ili pamutu. Phanga ndi limodzi. Akutuma ku Wounded Coast, phanga lomwelo. Akutuma ku Sundermount, lomwelo, angotseka khomo ili ndi chimwala n'kutsegula linalo, mapu pakona ya sikirini n'kumaonetsabe njira zomwe sungadutse. Mphwanga amene amakonda kuonerera anafika pomandiuza kuti "ankolo, bokosi lili kumanzere uko" tisanalowe n'komwe. Mu Origins unkachoka ku Redcliffe kupita ku nkhalango ya Brecilian, uko n'kutsikira ku Orzammar kwa ma dwarf, amene mphwangayo amawatcha akafula, ndipo kulikonse kunali ndi fungo lakelake. Kuno ndi mzinda umodzi, Kirkwall, Kirkwall, Kirkwall: Hightown masana, Hightown usiku, Lowtown masana, Lowtown usiku.

Nkhondo nayo. Mu Origins unkaima kaye, kuyang'ana adani, kuika wa chishango kutsogolo, wamatsenga kumbuyo, monga momwe umayalira nsolo. Kuno ukapha gulu loyamba, lachiwiri limangogwa kuchokera padenga kumbuyo kwa wamatsenga wako. Lachitatu likubwera. Ungakonze bwanji? Ndipo pa disiki ngati yangayi yosalandira patch, zokonza zotengera pa intaneti, munthu samenya yekha, umachita kudina X pa chibakera chilichonse. Patch yokonza zimenezi inatuluka kalekale, koma bandulo yake ndiigule ndani. Batani la X pa padi yanga pano limalowa osabwerera. Ndivomereze kuti nkhondoyo ndi yachangu komanso yokoma m'maso, ndipo makina sajejemajejema ngati mmene ankachitira ndi Origins adani akachuluka.

Anzako sungawaveke zovala zankhondo zomwe watola. Chilichonse chabwino chalembedwa kuti ndi cha Hawke yekha, munthu amene umasewera mu gemuyi, chotsalacho ndi mathalauza ong'ambika ndi masikafu odyedwa ndi njenjete, ngati belo la kaunjika lomwe anthu asankhamo kale. Ndipo Hawke ndi munthu basi. Zoyambira zisanu ndi chimodzi za Origins zija, elf, dwarf, mwana wa mfumu, wamatsenga wa mu nsanja, kulibe. Umasankha mwamuna kapena mkazi, wankhondo, kamberembere kapena wamatsenga, kwatha.

Tsono pamene zinayamba kunditembenuza ndi pa amalume.

Banja la Hawke likuthawa ku Lothering, mudzi womwe uja tinaudutsa mu Origins usanawonongedwe. Panjira chimphona chikupha mmodzi mwa amapasa obadwa pambuyo pa Hawke, Carver ndi Bethany. Kwa ine anapita ndi Carver poti sindinasankhe matsenga. Akuwoloka nyanja kupita ku Kirkwall chifukwa mayi awo, Leandra, kwawo n'kumeneko, ndipo akudziwa kuti kuli nyumba ya makolo ndi chuma. Kufika, zipata zatsekedwa, othawa nkhondo ali mbwee panja. Akubwera mlongo wawo wa mayiwo, Gamlen, akukanda m'mutu. Nyumba ija anagulitsa. Njuga ndi ngongole. Patsogolo pake umadzapeza wilu yosonyeza kuti makolo anasiyira Leandra zonse, iye n'kubisa. Ndinaika padi pansi n'kuseka ndekha usiku. Ndani kuno ku Kasungu amene sadziwa amalume otere, oti mlongo wawo ali kutali kubanja iwo agulitsa munda wa mbumba, pobwera akulandira ndi "nkhani yake ndi yaitali, mlongo"?

Ndipo njira imene Gamlen wapeza yoti mulowere mumzinda ndi yoti wina akulipirireni, inu mumugwirire ntchito chaka chathunthu, kaya Athenril wozembetsa katundu kaya Meeran wa asilikali aganyu. Umenewo ndi utenanti. Bambo anga anakhalapo tenanti pa esiteti ndili mwana, kudya chimanga cha ngongole chaka chonse, fodya akagulitsidwa bwana n'kuyamba wachotsera zake. Chaka chikatha Hawke amatuluka wopanda kanthu, akugona m'kanyumba ka amalume omwewo ku Lowtown, akusakasaka ndalama zagolide 50 zoti alowe nawo mu ulendo wa Bartrand wa ku Deep Roads. Mu Origins unali wosankhika kuyambira pachiyambi, dziko lonse likuyang'ana iwe kuti uphe chinjoka chotchedwa Archdemon. Kuno ukungofuna mayi ako agone pabwino. Sindinayembekezere kuti zimenezo zingandigwire mtima kuposa chinjoka.

Kukhala mumzinda umodzi kuja kumene ndinkadana nako kunayamba kupereka phindu lake. Nkhaniyi imadumpha zaka, ndiye anthu amakula uli nawo. Aveline, amene munathawira limodzi, amasanduka mkulu wa alonda a mzinda, ndipo mishoni yomuthandiza kufunsira Donnic inandiseketsa mpaka mayi a kunyumba anadzuka kudzafunsa ngati ndili bwino. Mzimayi woopedwa ndi mbava zonse, kulephera kunena mawu awiri kwa mwamuna. Anzako sakhala pamoto pamodzi ngati pa msasa wa Origins, aliyense ali ndi kwake: Varric ndi Isabela ku bawa ya Hanged Man, Anders ku kachipatala kake ku Darktown, Fenris m'chinyumba chabwinja ku Hightown. Umachita kukawachezera. Ndipo sukakamizidwa kuwanyengerera ndi mphatso kuti asakuthawe. Ukhoza kumakangana ndi munthu zaka zonse n'kukhalabe wako. Merrill, elf wamatsenga, ndinkamutsutsa pa nkhani ya kalilole wake nthawi zonse, koma anaima nane mpaka kumapeto. Apa gawo lachiwiri laposa loyamba, ndilibe mawu. Hawke amayankhulanso ndi mawu ake, osati Warden wongoyang'ana duu. Ine ndinkasankha mayankho anthabwala, a mtundu wa pepo aja, mpaka iye anayamba kuseleula yekha osamuuza.

Amene simunasewere dumphani ndime ikubwerayi.

Bethany ndinamusiya kunyumba popita ku Deep Roads chifukwa mayi anachonderera kuti ndisawatengere mwana winanso. Pobwera ndi chuma ndinapeza ma templar, asilikali olondera amatsenga, akumutenga kupita naye ku Gallows, kumene amatsekera amatsenga ngati iye. Ndinati chabwino, bola ali moyo. Nyumba ya makolo ndinaiwombola, mayi anabwerera ku Hightown, anayamba kuvala bwino, mpaka kumakamba zokwatiwanso. Tsiku lina ndikulowa m'nyumba ndikupeza Gamlen akufunsa kuti mlongo wake ali kuti, ndipo wantchito akuti kunabwera maluwa oyera. Maluwa oyerawo ndinali nditawamvapo kale, mu mishoni ina yaing'ono ya akazi osowa imene ndinaichita mothamanga. Ndinatsatira magazi mu Lowtown usiku. Zimene Quentin, wakuba akaziyo, anawachita mayiwo sindilemba pano. Ndinabwerera pa sevu yakale katatu, kusintha njira, kusintha anzanga oyenda nawo, kuthamanga osatola kanthu. Sizisintha. Kachitatuko magetsi anazima ali m'manja mwa Hawke akuyankhula mawu omaliza, ndipo ndinakhala mumdimamo nthawi ndithu osayatsa tochi. Kenako Gamlen yemwe uja, wanjuga, akubwera kudzakhala nawe pamoto akulira mlongo wake. Origins ndi ukulu wake wonse sinandichitepo zimenezo.

Nkhani ya Arishok, mtsogoleri wa asilikali a mtundu wa Qunari, ndiyo pachimake pa gemuyi, ngakhale kumenyana naye awiriwiri kunali kuzungulira zipilala ngati nkhuku yothawa mpeni mphindi makumi awiri. Chigawo chomaliza ndiye changu chija chabweranso. Anders aphulitsa tchalitchi kaya unamuthandiza kaya unakana. Ukaima ndi amatsenga polimbana ndi ma templar, mkulu wa amatsengawo Orsino asandukabe chilombo n'kumenyana nawe. Meredith, mkulu wa ma templar, umenyana nayenso basi. Ku Landsmeet, msonkhano wa mafumu wa mu Origins, zimene unachita m'mbuyo zinkawerengedwa, mpando wachifumu ndi moyo wa mdani wako Loghain zili m'manja mwako. Kuno akufunsa kuti usankhe mbali, koma minibasi zonse zikupita ku depoti imodzi.

Zowawa kunena ndi izi: sevu ija ikanakhalapo, sikanasintha zambiri. Alistair amangotulukira kamodzi kudzapereka moni, mayina angapo amatchulidwa, timamishoni tochepa. Warden samaoneka n'komwe. Ndiye mwina eni shopu aja akawerenga izi anena kuti mwaona, tinanena. Ayi akulu. Chinali changa, ndipo munthu akakuswera mbale sufunsa kaye ngati unkadyeramo tsiku lililonse.

Gemu ndikuipatsa nyenyezi zitatu ndi theka. Nditangoyamba ndikanaipatsa imodzi. Amene simunasewere iliyonse yambani ndi Origins, ndi yaikulu ndipo ndalama yanu ikhalitsa. Iyi muigule mukaipeza pansi pa K15,000. Shopu ija nyenyezi imodzi, ya kuti disiki inalibe chikande.

Origins ndayambiranso Loweruka lapitali, elf yemwe uja, dzina lomwe lija, ndipo sevu ndikumaikopera pa flash usiku uliwonse ndisanazimitse. Ndafika pa Lothering. Ndinapeza ndikuzungulira kuseri kwa tchalitchi ndi kuminda kuja, kuyang'ana nyumba imene ingakhale ya a Leandra, mphwanga akufunsa kuti ankolo mwataya chiyani.