Mapeva a konkire m'makonde a Harare Street: ndi abwino, koma gulani a mamilimita 80

Mwini sitolo wa kumunsi kwa Kopje, kaphiri ka mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, akaitana mmisiri wa ku Mbare kapena ku Mufakose kuti amukonzere njira ya oyenda pansi kutsogolo kwa nyumba yake, funso limakhala limodzi: tithire konkire kapena tiyale njerwa za konkire zija timazitcha mapeva? Yankho lathu ndi mapeva. Koma m'dera ili mapeva omwewo angathe kuononga nyumba imene mukufuna kuipulumutsa, choncho nkhaniyi ikufunika kuifotokoza mofatsa.

Msewu wa Harare Street kale unkatchedwa Salisbury Street, ndipo mnzake woyandikana naye, Kaguvi Street, unali Pioneer Street. Kuno ndi kumene malonda a mzinda uno anayambira m'zaka za m'ma 1890, ndipo ena mwa amalonda oyambawo anali Ayuda. Mpingo wawo, Salisbury Hebrew Congregation, unakhazikitsidwa mu 1895. Mtsogoleri wake woyamba, Joe van Praagh, pambuyo pake anakhala meya wa mzindawu. Mu 1920 anatsegula sunagoge mu Salisbury Street. Ayuda m'dziko muno anafika pafupifupi 7,000 mu 1961, kenaka ambiri anachoka, ndipo mpingowo unasamukira ku Milton Park, dera lina la mzinda womwewu. Chimene chatsala ndi makoma a njerwa zofewa, makonde a malata ndi msewu umene tsopano mwadzaza ogulitsa zitsulo za galimoto ndi amakaniko. Makolo athu ochokera ku Nyasaland ankagula zovala ndi mabulangete m'masitolo a chigawo chimenechi, ndiye mbiri yake si ya Ayuda okha.

Ubwino waukulu wa mapeva pano ndi woti amazulika. Pansi pa makonde amenewa padutsa mapaipi akale a madzi ndi a zonyansa, komanso nthambo za magetsi ndi za intaneti. Paipi ikaphulika pansi pa konkire, okumba amaswa ndi pikisi n'kusiya chigamba chimene sichidzafanananso ndi pozungulira. Pa mapeva mumazula khumi kapena makumi awiri, kukonza paipi, kupondera dothi, n'kubwezeretsa omwewo. Njerwa za mu First Street, imene anaitseka kwa magalimoto m'zaka za m'ma 1970, zikuonetsa kuti msewu woyalidwa njerwa umakhala zaka zambiri.

Ogulitsa ambiri adzakupatsani mapeva okhuthala mamilimita 60, ponena kuti ndi okwanira poyenda anthu. Akunena zoona ngati podutsapo ndi anthu okhaokha. Koma aliyense wodziwa Kaguvi ndi Harare Street akudziwa kuti galimoto zimakwera pakhonde, lole imatsitsa katundu pakhomo penipeni, ndipo makaniko amaimika jeke pomwepo. Peva ya 60 imapendekeka ndi kuthyoka m'ngodya ikalemedwa chonchi. Ya 80 ndi yodulirapo, koma ndiyo yoyenera kuno.

Samalaninso kumene mukugula. Mapeva a m'fakitale amaumbidwa ndi makina otsindira mwamphamvu, ndipo amafanana kukula. Ambiri mwa ogulitsidwa m'mbali mwa misewu yotuluka mu mzinda amaumbidwa ndi simenti yochepa n'kuumitsidwa padzuwa osathiriridwa madzi. Konkire imafuna kukhala yonyowa kwa masiku osachepera 7, ndipo imafika pa mphamvu yake yeniyeni pakatha masiku 28. Poyesa, gundanitsani mapeva awiri: abwino amalira ngati chitsulo, ofooka amangoti phu. Kandani m'mphepete ndi msomali. Mchenga ukamayoyoka, asiyeni. Ikani khumi pamzere muone ngati akulingana msinkhu, pakuti kusiyana kwa mamilimita 5 kokha kumapunthwitsa agogo. A mtundu wofiira, thyolani imodzi muone mkati. Ngati utoto uli pamwamba pokha, udzatha ndi mapazi.

Tiyerekeze khonde la mamita 15 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi, kutanthauza masikweya mita 45. Mapeva a mamilimita 200 kwa 100 amalowa 50 pa sikweya mita imodzi, ndiye mukufuna 2,250. Onjezani 10 pa 100 alionse chifukwa cha odulidwa ndi osweka, mugule pafupifupi 2,500. Pansi penipeni pamafunika gelevulo kapena kwale wosakanikirana ndi fumbi lake, wokhuthala mamilimita 150 atapondedwa. Pa malo awa ndi makyubiki mita pafupifupi 7 atatsindirika, choncho itanitsani 9. Pamwamba pake mchenga wa kumtsinje mamilimita 30, umene ndi mawilibala 21 kapena kuposerapo pang'ono. Zonse pamodzi ndi peva, mukumba mamilimita 260.

Apa ndi pamene ntchito zambiri zimalakwika. Kukumba n'kotopetsa ndipo kutaya dothi kumadya ndalama, ndiye ena amangothira mchenga pamwamba pa konkire yakale n'kuyala. Khonde limakwera ndi mamilimita oposa 100. Pa nyumba yatsopano mwina palibe kanthu. Pa nyumba ya 1910 kapena 1920 ndi imfa. Makoma akewo anamangidwa ndi njerwa zofewa ndi matope a laimu, ndipo nyumba zimene pansi pake anayala matabwa zili ndi timabowo m'munsi mwa khoma tolowetsa mpweya kunsi kwa matabwawo. Mukakweza khonde, timabowo timatsekeka, madzi a mvula amagunda khoma pamwamba pa maziko, chinyezi chimakwera, pulasitala amatupa n'kutulutsa mchere woyera, matabwa amaola, chiswe n'kulowa. Mwini nyumba akaona zimenezi amamata simenti yolimba, imene imatsekera chinyezicho mkati, njerwa n'kuyamba kufumbutuka. Lamulo ndi ili: peva ikhale pa msinkhu wa khonde lakale kapena kutsikirapo, ndipo timabowo ta mpweya tisiyidwe poyera. Khoma lotere likafuna kumatidwa, matani ndi laimu ndi mchenga.

Khonde lipendekere kumsewu, kutsika mamilimita 25 pa mita iliyonse, ndiye pa mamita 3 mbali ya kumsewu itsike mamilimita 75. Kokani chingwe, yesani ndi levulo, ndipo kupendekeka kumeneku kupangidwe mu gelevulo, osati pochulukitsa mchenga mbali imodzi. Mchenga wokhuthala mosiyana umatitimira mosiyana, ndipo mvula yoyamba ya Novembala idzakusonyezani zithaphwi. Madzi a padenga asagwere pa mapeva, chifukwa amakokolola mchenga wa m'mipata. Paipi yotsitsa madzi ilowe mu kangalande kovindikira kodutsa pansi pa khonde mpaka mu ngalande ya msewu. Kumbukirani kuti pakati pa Kopje ndi mbali ya maofesi a boma panali dambo, pamene lero pali Julius Nyerere Way. Mukakumba n'kupeza dothi lakuda lamakande, lichotseni muonjezere gelevulo.

Gelevulo mupondere m'magawo awiri a mamilimita 75, mutawaza madzi pang'ono, ndi makina opondera obwereka. Chipika chapamanja sichikwanira. M'mphepete monse muike miyala ya konkire yotchinga, yokhazikika mu konkire, musanayambe kuyala. Popanda iyo mapeva amamwazikana kuyambira kunja. Mayalidwe abwino ndi oluka ngati lichero, peva iliyonse itatsamira m'mbali mwa inzake. Mizere yoongoka ngati ya khoma imasuntha tayala likakhota pamwamba pake. Siyani mipata ya mamilimita 3, ponderani ndi makina, sesererani mchenga wosalala wouma m'mipatamo, ponderaninso, ndipo pakatha sabata ziwiri muonjezere mchenga wina. Musathire simenti m'mipata, chifukwa mukatero mwataya ubwino uja wozula ndi kubwezera.

Nsanamira za khonde musazikwirire mu mchenga. Chitsulo chimachita dzimbiri m'tsinde, mtengo umaola. Iliyonse ikhale pa kachiunda kake ka konkire kotukuka pang'ono, mapeva n'kuzungulira.

Zofooka za mapeva zilipo. Amamwa oyilo, ndipo banga lake silichoka. Pamene pamagwira amakaniko sankhani otuwa moderako, ndipo musunge 50 apadera osinthira. Amabedwa usiku ngati m'mphepete mwasiyidwa potseguka. Udzu umamera m'mipata ngati sakusesedwa. Ndipo sitolo imodzi ikayala yokha, n'kusiyana msinkhu ndi oyandikana nawo, pamabadwa sitepe pamalire, woyenda pa njinga ya olumala n'kutsikira mumsewu. Eni nyumba za mdadada umodzi agwirizane mtundu umodzi ndi chingwe chimodzi. Khondelo ndi malo a khonsolo, choncho chilolezo chitengedwe ntchito isanayambe, ndipo pa nyumba zakale kwambiri ndi bwino kufunsanso a National Museums and Monuments of Zimbabwe, bungwe la boma loteteza zinthu zakale, musanakhudze khoma.

Mapeva a mitundu iwiri amathandiza kugawa malo popanda mpanda. Siyani mamita 1.8 a oyenda pansi mu mtundu umodzi, ndipo kachigawo ka kumsewu kakhale ka mtundu wina, pokhala mavenda. Kuthamangitsa mavenda sikudzutsa msewu, pakuti ndiwo amabweretsa anthu. Zipilala zazifupi za konkire m'mphepete, zotalikirana mamita 1.5, zimaletsa galimoto kukwera koma ngolo yamanja imadutsa.

Ofuna kuika chikumbutso pakati pa mapeva asagwiritse ntchito mkuwa, chifukwa udzathera kwa ogula zitsulo zakutha. Mwala wakuda wa ku Mutoko, wokhuthala mofanana ndi peva, wozokotedwa dzina lakale la msewu ndi chaka cha 1920 chimene anatsegula sunagoge uja, ungakhale zaka zambirimbiri. Pamwamba pake pakhale pokhakhala kuti pasaterere mvula ikagwa. Mawu a m'malemba opatulika a Chiheberi ndi nyenyezi ya Davide, chizindikiro cha Ayuda, zisaikidwe pansi popondedwa ndi nsapato. Zimenezo malo ake ndi pakhoma, pa msinkhu wa maso, ndipo mawu ake alembedwe mutafunsa a mpingo wa Ayuda ku Milton Park.