Tsiku limene ndinadikira funso la matenda anga ku Indiana

Abale ambiri kumudzi akamva kuti munthu ali ku America amaganiza kuti akadwala amangolowa m'chipatala ndi kabuku kake n'kulandira chithandizo, monga timachitira pachipatala cha boma kwathu. Kuno zinthu siziyenda choncho, chifukwa usanaonane ndi dokotala mlembi wa pakhomo amayamba wakufunsa khadi la inshuwalansi, ndipo ngati ulibe, chikalata cha ngongole chimakutsatira kunyumba. Ine ndine mayi wa ku Kasungu, ndimakhala m'chigawo cha Indiana ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Matenda a shuga anandipeza nawo ndili kumudzi, kotero ndinawoloka nawo nyanja pamodzi ndi zitenje zanga.

Anthu ambiri kuno inshuwalansi ya zaumoyo amaipeza kudzera kuntchito, ndipo inenso ndinayamba choncho pamene ndinkagwira ntchito panyumba ina yaikulu yosungirako okalamba. Kumayambiriro kwa 2024 ndinasiya ntchito imeneyo n'kuyamba kusamalira okalamba m'makomo mwawo kudzera m'kampani yaing'ono imene sinkapereka inshuwalansi. Malipiro a pa ola anali abwinoko, koma mwezi utangotha khadi langa lakale linasanduka kapepala wamba, pamene mapiritsi anga a shuga otchedwa metformin m'botolo anali kuchepa tsiku ndi tsiku.

Mantha anga anachokera kwa bambo ena a ku Malawi konkuno amene anabwera m'zaka za m'ma 1990, ndipo timapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Iwo amakumbukira nthawi imene munthu wofuna kudzigulira yekha inshuwalansi ankadzaza mafomu aatali onena za matenda onse amene anadwalapo, ndipo kampani inali ndi ufulu womukana, womukwezera mtengo, kapena womulandira koma n'kunena kuti nthenda imene anabwera nayo sidzailipirira. Shuga, khansa, mphumu, ngakhale kukhala ndi pakati, zinkatha kukhala zifukwa zokanira munthu. Nditamva zimenezi ndinaganiza zobisa matenda anga, ndipo sindikuchita manyazi kuvomereza, pakuti munthu akapanikizika amaganiza zambiri.

Mantha aja anakula tsiku lina madzulo pamene ndinalandira foni kuchokera kwa munthu wogulitsa inshuwalansi, amene anapeza nambala yanga nditaisiya patsamba lina la pa intaneti. Mtengo umene anatchula unali wotsika mokoma, koma asanapitirire anandifunsa ngati ndimamwa mankhwala alionse tsiku ndi tsiku, ndipo nditangotchula shuga mawu ake anazizira. Pambuyo pake ndinamvetsa kuti ankagulitsa inshuwalansi ya nthawi yochepa, imene siitsatira malamulo onse a inshuwalansi yeniyeni ndipo ili ndi ufulu wofunsa za matenda n'kukana munthu. Aliyense wobwera kuno adziwe kuti wogulitsa akayamba kufunsa mbiri ya matenda, chimene akugulitsacho si chimene lamulo limateteza.

Lamulo lenilenilo limatchedwa Affordable Care Act, ngakhale kuti anthu ambiri amangoti Obamacare, chifukwa Pulezidenti Barack Obama ndiye analisainira pa 23 March 2010. Kuyambira pa 1 January 2014, kampani yogulitsa inshuwalansi ya zaumoyo kwa munthu payekha siyiloledwa kumukana chifukwa cha matenda, kapena kumulipiritsa zambiri chifukwa chodwala, kapenanso kumuuza kuti adikire miyezi yakuti isanayambe kulipirira nthenda yakale. Mtengo umasiyana potengera zinthu zochepa zokha, monga zaka za munthu, dera limene akukhala, chiwerengero cha anthu a m'banja mwake ndi kusuta fodya. Wokalamba sangalipiritsidwe kupitirira katatu mtengo wa wamkulu wachinyamata, ndipo mkazi salipira zambiri kuposa mwamuna.

Mnzanga wina anandilozera kwa mayi wothandiza anthu kulembetsa mwaulere, amene kuno amawatcha navigator, ndipo tinakumana m'kachipinda ka ku laibulale. Ndinatenga m'chikwama botolo la mapiritsi, kamakina koyezera shuga ndi mapepala onse a kwa dokotala, ngati munthu wopita kukaweruzidwa kubwalo la amfumu. Mayiyo anatsegula tsamba la boma logulirapo inshuwalansi lotchedwa HealthCare.gov n'kuyamba kufunsa kumene ndimakhala, tsiku limene ndinabadwa, ndalama zimene ndikuyembekezera kupeza pachaka, nambala ya pa green card yanga (chitupa chondilola kukhazikika m'dziko muno) ndi tsiku limene inshuwalansi yakale inatha. Kenako anandifunsa ngati ndimasuta, ndipo ndinaseka, chifukwa ndinakulira m'chigafa ndikusoka ndi kusankha fodya, koma sindinaikepo ndudu pakamwa. Iye anandiuza kuti ndachita mwayi, pakuti wosuta akhoza kulipiritsidwa mtengo wokwera ndi theka.

Ndinakhala chete kudikira funso lalikulu lija, dzanja lili pa zipi ya chikwama, koma mayiyo anangotembenuza kompyuta kuti ndione mndandanda wa inshuwalansi zimene ndikanatha kusankha. Ndinamufunsa kuti, "Kodi za matenda anga simufunsa?" Anayankha kuti pa fomuyo palibe malo amene kampani ingagwiritse ntchito kundikana, ndipo mankhwala angawo anawafuna pa chifukwa china, choti tione inshuwalansi imene imawalipirira bwino. Apa m'pamene ndinatulutsa botolo lija n'kuliika patebulo, mtima uli m'malo.

Komabe kulandiridwa ndi nkhani ina, ndipo kukwanitsa kulipira ndi nkhani inanso, zimene ambiri otumiza mauthenga kumudzi safotokoza. Inshuwalansi zimenezi zili m'magulu anayi otchedwa Bronze, Silver, Gold ndi Platinum, ndipo gulu la Bronze, limene ndalama yake ya pamwezi ndi yotsika, limabisa ululu wake m'chinthu chotchedwa deductible. Imeneyi ndi ndalama imene munthu amayenera kuyamba walipira yekha m'chakacho kampani isanayambe kuthandiza pa zinthu zambiri, ndipo pa Bronze imene ndinkaisirira inali yopitirira madola 6,000. Munthu wathanzi amene amapita kuchipatala kamodzi pachaka angathe kuisankha, koma ine woyezetsa magazi miyezi itatu iliyonse ndikanakhala ndi khadi m'chikwama kwinaku ndikulipira zonse ndekha. Ndinasankha Silver, ndipo boma linandichotserako gawo la ndalama ya pamwezi molingana ndi malipiro anga. Chinandikhazika mtima pansi n'chakuti lamulo limaika malire a ndalama zimene munthu angatulutse m'thumba pachaka pa chithandizo chovomerezeka, ndipo mu 2024 malirewo anali madola 9,450 kwa munthu mmodzi. Ndalama imeneyi mukaisintha m'makwacha ingakugwetseni pansi, koma kuno kugonekedwa m'chipatala masiku ochepa kukhoza kuposa pamenepo.

Khomo limenelinso silikhala lotsegula chaka chonse, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Kukanakhala kuti munthu angalembetse tsiku lililonse, ambiri akanamadikira kudwala kaye, ndiye thumba likanadzaza odwala okhaokha n'kuphulika, monga banki mkhonde imene aliyense amabwera kudzabwereka popanda woponya. N'chifukwa chake nthawi yolembetsa imayamba pa 1 November n'kutha patapita masabata ochepa, ndipo kunja kwa nthawiyi amalola okhawo amene moyo wawo wasintha, monga kutaya inshuwalansi ya kuntchito, kukwatira kapena kubereka mwana. Otere amapatsidwa masiku 60, ndipo ine ndinafika ku laibulale kuja nditadya kale oposa theka chifukwa cha mantha.

Nditafotokozera mchimwene wanga amene ali ku Johannesburg, anandiuza kuti nkhaniyi si yachilendo kwa iye. Ku South Africa lamulo la 1998 limaletsanso mabungwe a medical aid otsegukira aliyense kukana munthu chifukwa cha matenda, koma limawalola kumudikiritsa miyezi itatu pa zonse, kapena miyezi 12 pa nthenda imene anabwera nayo, ndiponso kulipiritsa chindapusa amene wachedwa kulowa atapitirira zaka 35. Tinagwirizana kuti pa nkhani ya kudikira ine ndinapepukidwa, ngakhale kuti iye sadziwa mutu umene deductible imapweteketsa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mawu akuti aliyense sakhudza aliyense. Kutchalitchi kwathu kuli mayi wina amene visa yake inatha kalekale, ndipo amadwala BP. Iye saloledwa kugula inshuwalansi pa HealthCare.gov ngakhale atakhala ndi ndalama zonse m'manja, chifukwa msikawo ndi wa nzika ndi okhala m'dziko movomerezeka. Pali lamulo la 1986 lokakamiza zipatala kulandira aliyense wofika ali kayakaya, koma sililetsa kuti ngongole imutsatire, ndipo BP si nthenda yodikira kuti munthu agwe kaye. Amadalira kachipatala ka m'dera kamene kamalipiritsa molingana ndi zimene munthu amapeza, ndipo popeza alibe galimoto, ine ndimamutenga ndikakhala kuti sindili pantchito. Ulendo wathawu tili pamzere anandifunsa ngati khadi langa lingagulire mapiritsi a anthu awiri, ndipo ndinamuyankha kuti dzina lolembedwapo ndi limodzi lokha. Anangogwedeza mutu n'kupitiriza kuwerenga madola ake a m'kachikwama, kufikira namwino atamuitana.