Maloya amene anandiimira pa mlandu wa dzino la chibwano

Anzanga angapo a ntchito akhala akundifunsa kuti ndinapita kwa ndani pamene wodwala wanga anandisumira ku Khothi Lalikulu kuno ku Lilongwe, komanso ngati nawo angapite komweko. Inde, pitani. Dzina la ofesiyo sindilemba pano, ofuna andifunse pambali. Ndi kaofesi ka maloya ochepa cha ku Old Town, ndipo fayilo yanga anagwira ndi mayi wina amene wakhalitsa pa ntchitoyi.

Nkhani inali ya dzino la chibwano la m'munsi, lomaliza lija, limene linamera chogona. Ndinalizula pa kiliniki yanga ku Area 25. Pambuyo pake mlomo wa m'munsi wa bambo wodwalayo unachita dzanzi, dzanzilo osatha. Tonse a ntchito ya mano tikudziwa kuti mtsempha umene umachititsa mlomo kumva umadutsa m'nsagwada pafupi ndi mizu ya dzino limeneli, ndipo umatha kukhudzidwa ngakhale dzanja likhale laluso chotani. Koma munthu amene tiyi akumutayikira pamalaya iye osamva, mawu amenewa samutonthoza, ndipo sindimuda chifukwa chodandaula. Kunabwera kalata ya loya wake yofuna chipukutamisozi, kenako samani.

Tsiku loyamba mayiwa anangoti, "Adokotala, mubweretse zonse zimene munalemba tsiku limenelo, ndipo musawonjezerepo ngakhale kadontho." Ndinapititsa khadi la wodwala, x-ray, fomu yovomereza imene bamboyo anasaina, ndi mauthenga athu a pa WhatsApp. Anayamba ndi madeti, poti lamulo limapatsa munthu wovulala zaka 3 kuti akasume. Bamboyo anali asanachedwe, ndiye anandiuza mosabisa kuti njira yachidule palibe.

Chimene ndimawayamikira kwambiri ndi momwe anandimasulira mlandu. Ine ndinkaganiza kuti poti mlomo uli ndi dzanzi, basi ndagwa nawo. Iwo anati jaji safunsa ngati zinthu zinatha bwino, amafunsa ngati ndinachita zimene madokotala ena odalirika a ntchito yomweyo akanachita. Muyeso umenewu unachokera ku mlandu wa Bolam wa ku England wa 1957, ndipo makhothi a kuno amaugwiritsa ntchito. Anawonjezera kuti siginecha yokha pa fomu siikwanira, pafunika umboni woti munthu anauzidwa za chiopsezo m'mawu amene anamva. Pa khadi panali mzere umene ndinalemba ndisanabaye jakisoni, woti ndamufotokozera m'Chichewa kuti mlomo ukhoza kuchita dzanzi. Mayiwa anauzunguliza ndi pensulo pa fotokope n'kunena kuti mlandu wonse wagona pamenepo.

Mboni yaukatswiri inavuta kupeza. Madokotala a mano m'dziko muno ndife ochepa, sukulu ya digiri ya mano inangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, ndiye pafupifupi tonse timadziwana. Ine ndinatchula mnzanga wina, iwo anakana, ati loya wa mbali inayo angofunsa kuti mumadyera limodzi kangati, umboni wonse n'kuthera pomwepo. Anafufuza okha mpaka anapeza dokotala wamkulu amene sindinagwirepo naye ntchito.

Malamulo a Khothi Lalikulu a 2017 amafuna kuti mbali ziwiri ziyambe zakambirana, jaji ali mkhalapakati. Tinakhala pansi, sitinamvane, mlandu unapita kokazengedwa. Pokonzekera, mayiwa anandikhazika pampando mu ofesi mwawo n'kusanduka loya wa mbali inayo. Anandipanikiza ndi mafunso mpaka thukuta. Ndikayamba kuphunzitsa ngati ndili m'kalasi, ankandidula: "Yankhani zimene mwafunsidwa, muyang'ane kwa jaji, mukatha mukhale chete." Tsiku la mlandu anaimika x-ray ija poyera kuti ndiloze ndi chala pamene mizu inayandikana ndi njira ya mtsempha, jaji n'kuwerama kuti aone bwino.

Pofunsa bambo uja mafunso mayiwa sanamukalipire kapena kumuchititsa manyazi. Ankamutchula kuti bambo, n'kumamupatsa mpata womaliza mawu ake kudzera mwa womasulira. Zimenezi zinandikhudza, chifukwa munthuyo anabwera kwa ine ndi ululu, sanali mdani wanga. Jaji anagamula kuti panalibe kunyalanyaza.

Zosakoma ziliponso. Kuwapeza mayiwa pa foni n'kovuta, uthenga umatha kugona masiku osayankhidwa. Mlandu utasunthidwa tsiku, anandiuza mochedwa, nditabweza kale odwala ndi kutseka kiliniki. Bilu yoyamba inabwera ndi chiwerengero chimodzi chachikulu, popanda kusonyeza kuti ndalama iyi ndi ya chiyani. Nditadandaula anaikonza, koma inu mupemphe mgwirizano wa malipiro wolembedwa musanapereke dipoziti, ndipo mufunse ngati ndalama ya mboni yaukatswiri ili momwemo. Kwa ine inali yapadera.

Mudziwenso kuti khothi ndi Medical Council of Malawi ndi njira ziwiri zosiyana. Bungweli, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la madokotala ndi madokotala a mano la 1987, limamva madandaulo palokha ndipo limatha kukhudza laisensi yanu. Kalata yanga yoyankha kumeneko mayiwa anaiwerenga isanapite, kuti isasemphane ndi zimene ndidzanene kukhothi. Anzanga a m'zipatala za boma nkhani yanu ndi ina, poti kawirikawiri wosumiridwa amakhala Attorney General, loya wamkulu wa boma. Ofesi ya maloya angawa ndi yothandiza ife a makiliniki athuathu. Ngati muli ndi inshuwalansi ya ntchito, mutenge mapepala ake popita, chifukwa kampaniyo imafuna kudziwitsidwa msanga kalata yoyamba ikangofika.