Hilux ya tenti pamwamba yomwe tinachita hayala ku Windhoek, nyenyezi 4 pa 5

Galimotoyi ndi yabwino ndipo nditapeza ndalama ndikhoza kukaitenganso mawa lomwe, koma nyenyezi imodzi ndawalanda chifukwa cha nkhani ya inshuwalansi, ndifika pamenepo. Tinalipo ine, mayi akunyumba ndi alamu anga. Anatipatsa Hilux ya double cab, matenti awiri opinda pamwamba, kumbuyo filiji, mbaula ya gasi, mapoto, mipando, tebulo, matayala asipeya awiri ndi pampu yolumikiza ku batire. Thanki ndi ija yaikulu ya maulendo ataliatali, ndipo ku Namibia chimenecho sichokongoletsa ayi, mukachoka pa tala wa B1 mumayenda mtunda osaona ngakhale kagolosale, nde paliponse pomwe pali dizilo thirani basi osafunsa. Ife tinathira ku Rehoboth, tinathiranso ku Solitaire, paja pali magalimoto akale adzimbiri panja ndi apple pie yomwe aliyense amaimirira kuti alawe. Ndalama ya rand amalandira bwinobwino, mtengo wake ndi umodzi ndi dola yawo.

Pa msewu wa miyala galimoto inagwira bwino zedi, ngakhale malo ena ndi mabampu okhaokha mpaka mano kuombana. Akampani anatiuza kuti tisapyole 80 pa msewu wafumbi ndipo muli kachipangizo kowonetsa liwiro ku ofesi kwawo, ukapyola nkuchita ngozi inshuwalansi yathera pomwepo. Poyamba alamu ankang'ung'udza kuti tikuyenda ngati tanyamula mazira, koma titakumana ndi gemsbok, nyama yamtchire ya nyanga zazitali zosongoka, itaima pakati pa msewu pokhota anangoti zii.

Pomwe ndinaikonda kwambiri ndi ku Sossusvlei, kuchipululu komwe kuli mapiri a mchenga wofiira. Kuchokera pa geti ya Sesriem pali tala pafupifupi makilomita 60, mumadutsa phiri la mchenga lotchedwa Dune 45 anthu ali ndondondo kukwera pamsana pake mmamawa, kenako tala amatha ndipo makilomita 5 omaliza ndi mchenga wokhawokha wozama, opanda 4x4 amasiya galimoto nkukwera zamatola. Ife tinaphwetsako matayala monga anatiphunzitsira, kuika giya yamphamvu ija, osaima osasintha maganizo, inadutsa osatitimira ngakhale kamodzi pomwe ena tinawapeza akufukula ndi manja. Mukagona mkati mwa geti ku Sesriem amakulolani kunyamuka dzuwa lisanatuluke, ogona kunja amadikira lituluke kaye, ndipo kusiyana kwake ndi kwakukulu chifukwa ikamakwana 10 mchenga umawotcha mapazi. Ku Deadvlei kuja, pansi dothi loyera mbee, mitengo yakuda youma yomwe inafa zaka mazanamazana zapitazo koma osawola poti kulibe chinyezi, kumbuyo mchenga wofiira wa Big Daddy wotalika kupyola mamita 300, foni yanga sinakwanitse kujambula momwe maso amaonera. Madzulo tinatsikira mu Sesriem Canyon, ndi kakang'ono, kuya kwake mamita 30, mtsinje wa Tsauchab ndi womwe unakumba, muli mthunzi wabwino.

Matenti amatseguka mosavuta, mphindi zochepa mwagona, matilesi ndi bhobho. Koma mabulangete omwe amapereka ndi opyapyala, usiku mchipululu kumazizira koopsa, tenganiko anu. Filiji inasunga nyama ndi madzi ozizira ulendo wonse. Fumbi lokha limalowa kumbuyo ngakhale mutseke bwanji, ufa wathu wa nsima tinachita kuumanga mmajumbo awiri.

Tsopano inshuwalansi ija. Tikupita kummwera cha ku Fish River Canyon mwala unang'amba tayala mmbali, loti silingamatidwe, komanso galimoto ina potidutsa inatiponyera kamwala pagalasi lakutsogolo nkusiya kamng'alu. Pobweza galimoto akuti matayala ndi magalasi sizili mu inshuwalansi yomwe tinalipira, zimenezo ndi zapadera, ndiye anadula pa dipoziti. Zinalembedwadi mupepala, sindikukana, koma mmalembo ang'onoang'ono tsamba lakumapeto, ndipo mkulu yemwe anatha ola lathunthu akutionetsa kapindidwe ka tenti ndi kayatsidwe ka mbaula sanatchuleko olo kamodzi. Dziko loti misewu yambiri ndi ya miyala, chinthu choyamba kuwuza kasitomala chikhale chimenecho eti? Inu mukamabwereka funsani nokha za matayala ndi galasi, lipiranitu yowonjezerayo, ndipo jambulani galimoto yonse musananyamuke.

Fish River Canyon yokhayo inatiiwalitsa mkwiyo. Kuchokera pa kampu ya Hobas ndi makilomita 10 kufika poonera, umangoyenda pa chigwa chathyathyathya kenako dziko langotseguka pansi pako, kutalika makilomita 160, kuya malo ena mamita 550, mtsinje ukuoneka kakang'onong'ono uko. Kutsikira pansi mwachisawawa saloleza, ndi okhawo oyenda ulendo wa masiku angapo wokathera ku Ai-Ais, nyengo yozizira basi komanso ndi kalata ya dokotala. Mayi akunyumba anakana kuyandikira mmphepete, zithunzi zonse ali patali atagwira chitseko cha galimoto.

Netiweki imasowa malo ambiri nde mapu koperanitu mufoni muli ku Windhoek, madzi akumwa gulani ochuluka kuposa omwe mukuganiza. Dipoziti yotsalayo anabweza mu akaunti sabata yomweyo popanda kuwakumbutsa.