Telala wa pa Dedza boma wandikonzera thanga, koma latsopano musamuthamangire

Aliyense amene ali ndi boti la thanga kuno kunyanja akudziwa kuti thanga likang'ambika mutu umaima. Wosoka mathanga weniweni kulibe pafupi, ndipo kuitanitsa latsopano kunja ndi nkhani ya madola, msonkho wake osanena. Langa ndinalipereka kwa telala wina wa pa Dedza boma, bambo wachikulire amene ntchito yake yeniyeni ndi kusoka matenti a malole ndi kukuta mipando ya njinga zamoto za akabaza. Pa kukonza chong'ambika ndikumuyamikira ndi mtima wonse. Pa kusoka thanga latsopano ndili ndi mawu ena.

Ife ndi kagulu kochepa ka kumunsi kwa Mtakataka: aphunzitsi, anzathu a kuchipatala, ndi anyamata angapo a ana a asodzi amene amatiposa tonse kudziwa mphepo. Lachitatu lililonse tikaweruka timathamangira kugombe kukapikisana. Si mpikisano ngati Lake Malawi Yachting Marathon uja wa mu July, umene amanyamukira ku Mangochi ndi maboti a mimba ziwiri n'kuyenda makilomita oposa 500 kulowera kumpoto. Wathu ndi wozungulira zigubu zitatu zomangirira ku miyala, mphindi 40 watha. Nthawi ndiyo imatipanikiza. M'miyezi ya June ndi July dzuwa limalowa 5 koloko itangopitirira pang'ono, ndipo kwa ife limabisala msanga chifukwa mapiri a Dedza ali kuzambwe kwathu. Poti maboti athu ndi osiyana, a matabwa olemera amayamba kunyamuka, opepuka n'kumawathamangitsa pambuyo. Wofika woyamba wapambana, womaliza amagula zakumwa.

Boti langa ndi Laser yakalekale imene ndinagula kwa munthu wina ku Lilongwe. Ndi kaboti ka munthu mmodzi, kotalika mamita 4.23, thanga lake lalikulu masikweya mita 7.06. Anakajambula Bruce Kirby wa ku Canada, ndipo kakhala kakupikisana pa Olympics kuyambira 1996. Thanga lake silikwezedwa ndi chingwe ayi, lili ndi mpako wautali kutsogolo umene mumalowetsamo mlongoti. Kumbuyo kuli matumba atatu ang'onoang'ono olowetsamo timitengo tolimbitsa m'mphepete. Mwera wa chaka chino unang'amba thumba lapamwamba, ng'ambiyo n'kutsetsereka kutsata msoko pafupifupi mkono wathunthu.

Kuchoka kwathu kukafika pa boma ndi ulendo: kutsika M5 mpaka Golomoti, kukwera Khwekhwerere, kutulukira pa Masasa n'kugwira M1. Tengani juzi. Ife a kunyanja timaiwala kuti kumtunda kuja mu July mano amagundana.

A telalawo amasokera pakhonde, kuseri kwa msika. Chimene chinandikhazika mtima pansi n'chakuti asanagwire thanga anayamba asesa simenti yonse, n'kuyala katoni, kenako n'kulitambasula. Anagwada n'kuyenda ndi chala pa msoko uliwonse, osati pong'ambika pokha. Atafika pakati anakanda ulusi ndi chikhadabo, ulusiwo n'kuyoyoka.

"Achimwene, nsaluyi ikadali ndi moyo," anatero. "Chafa ndi ulusi. Ladya ndi dzuwa ili. Ndikasoka apa pokha, sabata yamawa mubweranso ndi apa."

"Ndiye titani, madala?"

"Tibwereze misoko yonse ya kumtunda. Ya kumunsiyi isiyeni, ikadali bwino, ndisakudyereni ndalama."

Telala wokana ndalama yoti akanadya sindikumana naye kawirikawiri. Ali ndi makina awiri: akuda aja opalasa ndi phazi, amene amasoka msoko woongoka wokha, ndi ena amagetsi osoka zigizagi. Apa mpamene pagona nkhani. Thanga limakoka ndi kumasuka mphepo ikamaomba, ndipo msoko woongoka sutamuka, umangoduka. Komanso mabowo a singano akandondozana pa mzere umodzi nsalu imang'ambikira pomwepo. Zigizagi imatamuka limodzi ndi nsalu. Iwo anazidziwa kale izi kuchokera ku matenti a malole, sindinachite kuwaphunzitsa. Ulusi anagwiritsa wa poliyesita wokhuthala, osati wa thonje umene umaola ukamanyowa. Chigamba ndinabwera nacho ndekha, chodula pa thanga lakufa la mnzathu, chifukwa nsalu yosokera mathanga yotchedwa Dacron simungaipeze m'sitolo za pa boma. Anachizunguliza makona kuti chisayambe kumatuka, anaika china mbali inayo, ndipo anayang'anitsitsa kuti ulusi wa nsalu ya chigamba uloze kumodzi ndi wa thanga. Zimenezo ine sindikanaziganizira n'komwe.

Pamadzi ntchito yawo yaoneka. Talowa nalo mu mwera wa mu August, uja umaimika mafunde afupiafupi oti boti limachita kumenyetsa chifuwa, ndipo palibe ulusi umene wasomphoka. Kumbuyo kwa thanga sikukupiza monga kunkachitira kale. Lachitatu lina ndinadutsa mphunzitsi wa masamu pa chigubu chachiwiri, munthu amene anazolowera kundionetsa msana, ndipo mpaka lero akuti ndinamutsekera njira. Sindinamutsekere. Mphepo inkandilowera kudzanja lamanja, iye kumanzere, ndipo lamulo la World Sailing, bungwe loyang'anira mipikisano ya maboti a thanga padziko lonse, likuti wolandira mphepo kumanzere ndiye apatuke. Bukulo ali nalo pafoni, akungokana kuliwerenga.

Tsono zitaoneka chonchi, mnzathu wina wa boti la matabwa anatengeka, nakasoketsa thanga latsopano kwa bambo omwewo. Anagula lona yabwino, anawapatsa miyeso ya mbali zitatu, ndipo lobwera nalo linali lokongola zedi, misoko yoongoka, m'mphepete mopinda kawiri. Titalikweza pa mlongoti tinaona vuto. Linali lathyathyathya ngati chitseko.

Thanga la mpikisano limafunika likhale ndi mimba. Mphepo ikamachokera kumbuyo, chilichonse chimakankha boti, ngakhale matumba a feteleza osokerera pamodzi amene asodzi ena amakweza pobwera ku usipa. Koma mpikisano umapambanidwa polimbana ndi mphepo, pamene chigubu chili komwe mphepo ikuchokera ndipo muyenera kupita mokhotakhota, uku ndi uku, pafupifupi madigiri 45 kuchoka pa mphepoyo. Pamenepo thanga silikankhidwa, limachita kukokedwa. Mphepo yodutsa kuseri kwa mimba ija imathamanga kuposa ya mkati, ndipo kusiyana kumeneko ndiko kumakokera boti kutsogolo, monga limachitira phiko la ndege. Osoka mathanga amapanga mimbayo podula zidutswa za nsalu mokhota pang'ono m'mphepete, kotero kuti zikalumikizidwa thanga silingagone pansi bwinobwino, limatukumuka. Kutsogolo kwake amadulanso mokhota kuti kugwirizane ndi mmene mlongoti umapindikira. Kukhotako ndi kwa masentimita ochepa chabe pa msoko uliwonse, ndipo malo otukumuka kwambiri ayenera kukhala kutsogolo pang'ono kwa pakati. Telala wa matenti moyo wake wonse waphunzira kuti nsalu yotukumuka ndi ntchito yolakwika. Iwo anasoka mwaluso chinthu chimene manja awo amadziwa.

Zotsatira zake, mnzathuyo akamatsika ndi mphepo amayenda bwino ndithu, koma akangozungulira chigubu kuti akwere, boti limayamba kutsetserekera m'mbali, anzake n'kumamusiya akuona. Madzulo amene mwera wagwa n'kutsala kamphepo kozizira kotsika m'mapiri, pamene thanga la mimba yaikulu ndilo limagwira ntchito, iye amangoyandama pafupi ndi bango mpaka wina akamukoke. Zakumwa wagula kokwanira.

Titabwerera nalo, a telala sanakwiye kapena kudziteteza. Anapempha kuti tiwasiyire thanga lakufa lija alisomphole msoko ndi msoko, aone mmene zidutswa zake anazidulira. Anatenga choko n'kujambula chidutswa chimodzi pa simenti, kenako n'kuika rula pambali pake. Ataona kuti m'mphepete mwasiyana ndi rula ndi zala ziwiri pakati, anangoti, "Ohoo, kani bodza lake lili apa." Akuti ayesanso. Ndikuona kuti adzafika, koma amene akufuna kupambana Lachitatu likudzali asakhale woyamba kuphunzirirapo. Ndipo a ma Laser dziwani kuti pa mpikisano wovomerezeka thanga losoketsa kwa telala salilola, amafuna la fakitale lokhala ndi chizindikiro chake. Kukonza chong'ambika kokha ndiye kololedwa.

Zodandaula zina zilipo. Tsiku limene alonjeza musaliwerengere, makamaka magetsi akamavuta, chifukwa makina a zigizagi aja sayenda popanda magetsi, ndipo lole ikabwera ndi tenti yong'ambika thanga lanu limayamba ladikira. Foni yawo imakhala yozima nthawi zambiri, ndiye kwa ife ochokera kutali kukwera Khwekhwerere osadziwa ngati zatha n'kuika ndalama ya thiransipoti pachiswe. Timphete tachitsulo timene amakhomera m'makona ndi ta matenti, tayamba kale kuchita dzimbiri pa thanga la mnzathu uja n'kudetsa nsalu. Pitani ndi tanu ta mkuwa, kapena auzeni asoke bowolo pamanja ndi ulusi wopaka sera.

Mtengo anandiuza K35,000 pa chigamba ndi kubwereza misoko ya kumtunda, tinagwirizana K30,000, ndipo sindinanenerere kupitirira apo chifukwa ntchitoyo inali yooneka. Popita ndi thanga lanu litsukeni ndi madzi oyera, liume bwino, muchotse timitengo tija, ndipo mulikulunge mozunguliza osati kulipinda makona anayi. Pong'ambika paliponse lembanipo ndi pensulo mudakali kugombe, chifukwa timabowo tating'ono timaoneka thanga lili pa mlongoti dzuwa likuwala kuseri kwake, koma pakhonde paja simutionanso.