Katundu wolakwika: kubweza, kukonzanso kapena kugulitsa motchipa?

Anzanga osoka mayunifolomu a sukulu akhala akundifunsa chochita ndi katundu wotuluka ndi chilema, kaya ndi nsalu yosuluka, zipi yosagwira kapena msoko wokhota. Njira zilipo zitatu, koma sizidya ndalama mofanana.

Kubweza zipangizo kwa wogulitsa kumaoneka kwanzeru, koma ndiko kumene ndimadana nako kwambiri. Mipukutu ya nsalu imene ndinaitanitsa ku Johannesburg inasuluka itangochapidwa koyamba. Wogulitsa anavomera kuilandira, koma anati thiransipoti ndilipire ndekha, anadulapo ndalama ina ati yobwezeretsera katundu pamashelefu ake, ndipo m'malo mwa ndalama anandipatsa kapepala koti ndidzatengere katundu wina kwa iye yemweyo. Mipukutu imene tinali titayamba kuidula anaikaniratu. Msonkho wa pachipata unali utalipidwa kale, ndipo masiku onse amene nsaluyo inali pamsewu makina anali zii, pamene osoka ankayembekezerabe malipiro awo pakutha pa mwezi. Musayese njirayi pokhapokha mgwirizano wanu utanena poyera amene adzalipire ulendo wobwerera, komanso muzichapa kachidutswa ka nsalu lumo lisanakhudze mpukutu.

Kukonzanso kumapindulitsa pamene gwero la vuto ladziwika. Zipi imasinthidwa msanga, koma nsalu yosuluka ilibe mankhwala. Kuthamangira kukonza kumapweteketsa ngakhale makampani akuluakulu: mu Sepitembala 2016, Samsung inaitanitsa mafoni a Galaxy Note 7 pafupifupi 2.5 miliyoni chifukwa mabatire ankayaka moto, koma ena mwa mafoni amene anthu anasinthiridwa anayakanso, mpaka kampaniyo inasiya kuwapanga mwezi wotsatira. Ndalama pang'ono inaipezanso mu 2017, pamene inagulitsa ena ku South Korea ndi batire locheperako, pa dzina lakuti Fan Edition.

Ine ndimakonda kugulitsa motchipa, chifukwa ndalama ya nsalu ndi ulusi imabwerera msanga. Chizindikiro cha kampani ndimachichotsa, wogula ndimamuonetsa chilemacho asanalipire, ndipo katunduyo ndimamupereka kwa mavenda a misika yakutali ndi sukulu zimene zimandipatsa maoda, kuopa kuti makolo angazolowere mtengo wotsikawo. Izi n'zotheka pa zovala, koma amene amapanga zakudya, mankhwala kapena zipangizo zamagetsi asaganize n'komwe zogulitsa cholakwika, ngakhale pa theka la mtengo.