The White Queen kapena The Red Queen: muyambe liti?

Mabuku awiriwa anawalemba Philippa Gregory, ndipo onse akukamba za nkhondo imodzi, yolimbirana ufumu wa England pakati pa banja la York ndi la Lancaster m'zaka za m'ma 1400. Kusiyana kwake ndi mayi amene akukufotokozerani nkhaniyo.

The White Queen, lomwe linatuluka mu 2009, likutsatira Elizabeth Woodville. Mwamuna wake woyamba, John Grey, anafera mbali ya Lancaster mu 1461, koma mu 1464 mayiyu anakwatiwa mwamseri ndi Edward IV, mfumu ya ku York. Bukuli limathamanga: chikondi, kuthawira ku tchalitchi cha Westminster Abbey kawiri, ndi ana ake aamuna awiri amene anasowa mu Tower of London mu 1483. Chondibowa ine ndi matsenga. N'zoona kuti mayi ake a Elizabeth, Jacquetta, anaimbidwapo mlandu wa ufiti, koma m'bukuli matsengawo amagwiradi ntchito, mpaka kuitana mphepo ya mkuntho. Zinthu zikathina Elizabeth amathamangira kumtsinje kukachita matsengawo, ndiye nzeru zake zenizeni sizionekera mokwanira.

The Red Queen, la mu 2010, ndi la Margaret Beaufort wa mbali ya Lancaster, ndipo mayiyu simumukonda msanga. Ndi wodzimva, wokhalira kugwada kupemphera, ndipo chilichonse chimene mtima wake ukufuna amati ndi chifuniro cha Mulungu. Komabe pa nkhani ya kukhulupirika, bukuli ndi limene lili ndi mnofu. Margaret anabereka Henry Tudor ku Pembroke mu 1457 ali ndi zaka 13 zokha, ali kale wamasiye, ndipo sanaberekenso. Mwanayo anakhala kunja kwa dziko zaka 14, nthawi yambiri ku Brittany. Mayi ake anatsala pakati pa adani, kukwatiwa ndi Thomas Stanley mu 1472, kugwadira mafumu a York, mpaka kunyamulira chovala mkazi wa Richard III pa tsiku lomuveka ufumu, kwinaku akukonzera mwana wake njira mobisa. Mumawerenga mukudzifunsa kuti kodi ameneyu ndi mayi wokhulupirika kapena kazitape. Pa nkhondo ya ku Bosworth yolimbana ndi Richard III mu 1485, asilikali a banja la Stanley ndi amene anatembenuza nkhondo, Henry n'kukhala mfumu.

Pa kuwerengeka, la Elizabeth ndi lopepuka, pomwe la Margaret limabwerezabwereza madandaulo ake mpaka kutopetsa pena ndi pena. Onse awiri amakometsera mbiri, makamaka pa za ana osowa aja, choncho musawatenge ngati mabuku a kusukulu.

Ngati mayina a nkhondoyi simukuwadziwa (a Edward, a Richard ndi a Henry alimo ambirimbiri), yambani ndi The White Queen kuti muwazolowere. Koma ngati ndalama ikukwanira buku limodzi, gulani The Red Queen.